Nkhosa za ku Ngala Zinkaswa Mapasa

Ana a ku Ngala amene akukula lero amayesa mudzi uno ndi wa nsomba ndi chinangwa basi. Sindiwadzudzula, pakuti ndi zimene apeza. Koma ife amene tinabadwa dziko lino likutchedwa Nyasaland tikudziwa kuti pakati pa mchenga wa kunyanja ndi mapiri a kumadzuloku panali msipu, ndipo pamsipupo pankayenda nkhosa. Zinali nkhosa zathu zachikuda, zaubweya waufupi, zina zofiirira, zina zakuda, zina zamawangamawanga, zamichira yonona yolendewera. Ng'ombe sizinkachita bwino kuno chifukwa cha kashembe wochokera kunkhalango, ndiye chuma cha munthu wamba chinali mbuzi ndi nkhosa. Ndikulemba izi chifukwa eni ake a nkhosazo atha, ndipo apita ndi nzeru imene sinalembedwe paliponse.

Chimene chimandibwerera kwambiri mumtima ndi mapasa. Nkhosa zathu zambiri zimaswa mwana mmodzi, zimenezo nzodziwika. Koma chaka chikakhala chabwino, pofika masika unkaona mikota ikuyenda ndi ana awiriawiri akulimbirana mawere, khola lino mapasa, khola la uko mapasa. Akuluakulu podutsa ankaima, nkutsamira ndodo, nkunena kuti chaka chino nthaka yatikonda. Iwo ankadziwa kuti mapasa sabwera mwamwayi. Amachokera pa zimene nkhosa inadya isanakweredwe, miyezi isanu ndi masabata angapo m'mbuyomo.

Chaka cha nkhosa chinkayenda chonchi. Mu Seputembala ndi Okutobala, mwera utaleka, dzuwa linkaotcha mpaka mchenga osapondeka. Udzu unkauma, moto nkudutsa m'tchire, ndipo michira ya nkhosa inkayamba kuphwa. Bambo anga ankati nkhosa yayamba kudya mchira wake. Nthawi yovutayo ndiyo imene misangu inkatipulumutsa. Mtengo umenewu umakhala ndi masamba m'chilimwe pamene ina yonse yayoyola, ndipo umagwetsa zipatso zake zopindikapindika nthawi imene kulibe china chodya. Nkhosa zinkathamangira pansi pake m'mamawa, ife ana nkumatola zina m'madengu kukasunga. Kumadambo a m'mphepete mwa mitsinje, kumene chinyezi sichinkatha, kunkatsalabe kobiriwira. Kenako chizimalupsa chikagwa, palupsa pankaphuka msipu wanthete, mvula yeniyeni nkubwera kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Pakangotha masabata awiri kapena atatu nkhosa zikudya msipu watsopanowo, zinkayamba kufuna yamphongo. Zotenga bere nthawi imeneyo zinkaswa mu Epulo ndi Meyi, chakudya chili mbwee kumunda ndi kutchire komwe.

Makolo athu sankangodikira mvula. Mayi anga anali ndi dengu lawo la madeya limene sitinkaloledwa kuligwira. Akakonola chimanga kapena kupuntha mpunga, madeya ankasungidwa. Akasenda chinangwa choti akaviike cha kondowole, makoko ankayanikidwa padzuwa mpaka aume gwa, chifukwa a chinangwa chowawa akadyedwa aawisi amapha chiweto. Masangwi a mtedza ankaikidwa pathandala kuti chiswe chisawapeze. Bambo nawo ankabwereka nkhosa yamphongo kwa alamu awo chakumpoto ku Dwambazi, kuti magazi asamangozungulira m'khola limodzi. Kukatsala masabata awiri kapena atatu kuti yamphongoyo ifike, mayi ankatsegula dengu lija, nkumapatsa mikota ndi misoti madzulo aliwonse.

Madzulo omwewo bambo ankaima pakhomo pa khola. Nkhosa iliyonse polowa ankaigwira pamsana, chakumbuyo kwa nthiti, nkutsitsa dzanja mpaka kumchira. Tsiku lina anatenga dzanja langa nkuliika pamsana wa msoti wina.

"Ukumva chiyani, mwana wanga?"

"Mafupa, bambo."

"Mafupa akamalasa zala, ameneyu asakwatiwe kaye. Akatenga bere adzaswa kamwana kofooka, mwinanso sadzatenga nkomwe. Mpatse kaye madeya."

Nditakula ndinagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto, ndipo kumeneko ndinapeza kuti kugwira msana kuja kuli m'maphunziro. Amapereka manambala kuyambira 1, nkhosa yoonda zedi, mpaka 5, yonenepa mopitirira, ndipo yoyenera kukweredwa ndi ya pa 3 kapena kupitirirako pang'ono. Zala za bambo anga zinkawerenga manambala omwewo popanda pepala. Ndinamvanso kuti abusa a ku Britain ankachita zofanana ndi za dengu la mayi anga, ndipo kuti katswiri wina dzina lake Walter Heape analemba za kubereka kwa nkhosa za kumeneko kale mu 1899. Koma chimene chimachitika m'kati mwa nkhosa, kuti madeya a madzulo asanduke mapasa, ndinadzachimvetsa ndili nkhalamba kale, mdzukulu wanga wamkazi amene anaphunzira za ziweto ku Bunda atakhala nane pakhonde nkundifotokozera pang'onopang'ono.

Nkhosa yaikazi ili ndi timatumba tiwiri ta mazira kumapeto kwa chiberekero. Aliyense amene anatumbulapo nkhosa yaikazi anationa, tili ndi timatuza tamadzi pamwamba pake. M'kathuza kalikonse muli dzira. Nkhosa ikakhala kuti ilibe bere, thupi lake limazungulira pa masiku pafupifupi 17, ndipo m'masiku amenewa timatuza timakula m'magulumagulu. Tambiri timafota tisanakhwime. Kamodzi, mwina tiwiri, ndito timafika poswa dzira pa tsiku limodzi kapena tsiku ndi theka limene nkhosa imalola yamphongo. Zikatheka, bere limatenga masiku pafupifupi 150. Nkhani yonse ya mapasa yagona pamenepa: kodi kathuza kachiwiri kapulumuka kapena kafota?

Amene amalamula zimenezi ndi mahomoni, timadzi toyenda m'magazi tonyamula uthenga kuchokera ku chiwalo china kupita ku chinzake. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatulutsa mahomoni awiri, FSH yokulitsa timatuza ndi LH yotikhwimitsa ndi kuswetsa dzira. Koma ubongo ndi timatumba ta mazira sizigwira ntchito zisanamve za chakudya. Nkhosa ikadya bwino, tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'chifu chake timaphwanya udzu ndi madeya, chiwindi nkupanga shuga kuchokera pamenepo. Kapamba amatulutsa insulini, imene imathandiza timatuza kulandira shugayo. Chiwindi chimatulutsanso IGF-1, imene imachititsa kuti timatuza timve msanga uthenga wa FSH ndi LH. Mafuta a m'thupi, ndi a kumchira omwe, amatulutsa leptin, homoni imene akatswiri anaitulukira mu 1994, yodziwitsa ubongo kuti m'thupi muli chosungira. Zonsezi zikakwera pamodzi, kathuza kachiwiri kamene kakanafota kamalimba mpaka kuswa dzira. Zikatsika, nkhosa imaswa dzira limodzi. Njala ikakula kwambiri, ubongo umachepetsa LH, nkhosa nkusiyiratu kufuna yamphongo.

Thupi la nkhosa limachita monga mayi wanzeru amene, asanavomere kulera ana a m'bale wake, amayamba wasuzumira m'nkhokwe. Likaona kuti chakudya chilipo limavomera awiri, likaona chochepa limavomera mmodzi, likaona mulibe limakana. Ku Ulaya nkhosa zimadikiranso kufupika kwa usana kuti ziyambe kukweredwa, koma kuno kwathu, kumene usana ndi usiku sizisiyana kwambiri, nkhosa zathu zimatha kutenga bere mwezi uliwonse. Wolamula wamkulu kuno ndi mimba.

Mdzukulu wanga anandiuzanso za kafukufuku wa ku Australia, dziko la nkhosa zambirimbiri, ndi za akatswiri monga Rex Scaramuzzi ndi Graeme Martin amene anatha zaka zambiri pa nkhani imeneyi. Kumeneko anapeza kuti kudyetsa nkhosa mbewu ya lupin, ya mtundu wa nyemba, kwa masiku osakwana sabata dzira lisanaswe kumachulukitsa nkhosa zoswa mazira awiri, ngakhale thupi lisanayambe kuoneka kunenepa. Uthenga wa chakudya umafika m'timatumba ta mazira msanga kuposa mmene maso a mbusa angaonere.

"Agogo," anatero mwanayo, "zipatso za msangu zimene munkatola zija ndi za mtundu wa nyemba nazonso. Agogo aakazi aja ankachita zomwezi."

Ndinasangalala kumva kuti mayi anga ankalondola, koma chisoni chinaposa, chifukwa pamene ndinkamva zimenezi nkuti dengu, misangu ndi msipu zonse zitapita.

Chakudza sichiimba ng'oma. Palibe tsiku limodzi limene ndinganene kuti nkhosa za ku Ngala zinathera pamenepa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mzimbe unafika ku Dwangwa, unabweretsa ntchito ndi ndalama, ndipo anthu anabwera kuchokera m'maboma onse kudzakhala kuno. Mu 1966 dziko lonse linali ndi anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni, pofika 2018 tinali 17.5 miliyoni, ndipo aliyense afunika pogona ndi polima. Madambo amene ankasunga msipu wa chilimwe anasanduka minda ya mpunga, madimba ndi mzimbe wa ife eni mudzi. Cha m'ma 1980 nyanja inakwera zedi, nkumiza malo a kumunsi amene tinkadyetsako. Misangu ikuluikulu inagwa umodziumodzi, wina kusema bwato, wina kuotchera njerwa, wina kuwambira nsomba. Amene ankadula anali ife tomwe, abale, aliyense ndi vuto lake lenileni. Palibe anaganiza kuti pogwetsa mtengo akuchotsa mwanawankhosa wa chaka chamawa.

Kenako pakati pa zaka za m'ma 1980 kunabwera kodikodi. Amene munali m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Nkhata Bay kutsika kuno mukukumbukira. Nsonga za chinangwa zinkafwanyika, zoyera mbuu ndi tizilombo, pansi osabereka kanthu. Chinangwa ndicho chinali moyo wathu, ndipo chitatha anthu anayamba kudya madeya amene kale anali a ziweto. Makoko oyanika kunalibe, popeza chosenda kunalibe. Kuti ana adye, tinagulitsa nkhosa. Wogula safuna yoonda, amaloza yonenepa, mkota wamchira wodzaza, womwe uja unkaswa mapasa. Motero zabwino zinkatsogola kumsika, m'khola nkutsala zofooka kuti zikhale mbewu. Njala ya 2002 inabwereza zomwezo, ndipo makola ambiri amene anatsekedwa chaka chimenecho sanatsegulidwenso.

Zinanso zinaunjikana pamwamba. Madibi amene tinkasambitsako ziweto analeka kugwira ntchito m'madera ambiri, nkhupakupa nkuchuluka. Njoka zam'mimba, zimene zimakonda malo achinyezi a kunyanja kuno, zimayamwa magazi mpaka m'maso mwa nkhosa muyere ndi pansi pa chibwano patupe, ndipo nkhosa yotero ngakhale idye, chakudyacho sichifika kumene chikufunika. Madeya lero ali ndi mtengo kuchigayo, amagulidwa ndi a nkhumba ndi a nkhuku. Ana amene akanakhala abusa ali kusukulu, ndipo zimenezo ndi zabwino, sindingazitsutse. Koma minda yafika mpaka pakhomo, ndiye dzinja lonse nkhosa imamangidwa pachingwe, nkumazungulira pamalo amodzi, kudya udzu umene yaupondaponda ndi kuuipitsira. Nthawi imene msipu uli pabwino, imene thupi lake likanamva kuti chakudya chafika, ndiyo nthawi imene ili pachingwe. Madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 ku Dwangwa kuno anakokolanso zina mwa zochepa zimene zinatsala.

Pali chinthu chimodzi chimene mdzukulu wanga ananena chimene chimandisowetsa tulo. Mwanawankhosa wamkazi amapanga mazira ake onse a moyo wake adakali m'mimba mwa make. Akabadwa sawonjezeranso. Ku Scotland, akatswiri a ku Aberdeen, mmodzi mwa iwo Stewart Rhind, anachepetsa chakudya cha nkhosa zabere m'miyezi yoyambirira, ndipo anapeza kuti timatumba ta mazira ta ana a m'mimbamo tinkachedwa kukula, ndipo anawo atakula ankaswa mazira ochepa poyerekeza ndi anzawo amene amayi awo anadya bwino. Ndiye kuti njala siithera pa amene yamugwira. Nkhosa ya njala ya chaka chino imasiyira mwana wake chipsera chimene chidzaoneke iye akadzakula, ngakhale pa nthawiyo msipu utabwerera. Ndikaganiza za mikota yoonda imene inatsala m'makola athu kodikodi atadutsa, ndi ana amene inaswa, ndi ana a anawo, ndimamvetsa chifukwa chake mvula itabwerera mapasa sanabwerere nayo. Ndimaganizanso za amayi amene anali oyembekezera chaka cha 2002, mtima nkundiwawa.

Malemu mayi a ana anga ndiwo anali omaliza pabanja pathu kusunga nkhosa. Anatengera kwa apongozi awo, mayi anga aja, chizolowezi cha dengu, ndipo ngakhale m'zaka zovuta ankapatula kambale ka madeya pobwera kuchigayo. Idi ikayandikira, anzathu achisilamu ankabwera kuchokera mpaka kuboma ku Nkhotakota kudzafuna nkhosa yamphongo yopanda chilema, ndipo ndalama imeneyo ndiyo inalipira ana athu sukulu. Atayamba kudwala ankandifunsa ali pamphasa kuti, "Abambo, mwazipatsa madeya?" Atatisiya, mphamvu zanga nazo zinali zitachepa, ana ali kutauni, akuba atawonjeza. Zinatha imodziimodzi mpaka kutsala mkota umodzi, umene unakhala nthawi yaitali osatenga bere.

Umenewo tinapha pomanga chiliza chawo, mwezi wa Okutobala. Anyamata akutumbula ndinawapempha kuti andionetse chiberekero. Timatumba ta mazira tinali tating'ono, tosalala, topanda kathuza kooneka. Mchira unali chikopa chokha. Nkhosayo sinali yosabereka chibadwire, pakuti ili msoti inaswapo m'manja mwa mayiwo. Thupi lake linangoona kuti chakudya palibe, nkutseka. Anthu anayesa ndikulira maliro okha, ndipo nzoona ndinkalira mkazi wanga, koma ndinkaliranso dzanja la bambo, dengu la mayi ndi misangu ya kudambo, zonse pamodzi.

Masiku ano ndimamva achinyamata akunena kuti nkhosa zachikuda nzachabechabe, tipeze za Dorper. Nkhosa ya Dorper ndi yabwino, anaipanga ku South Africa pokweretsa mitundu ya Dorset Horn ndi Blackhead Persian, ndipo imakula msanga. Koma thupi lalikulu limafuna chakudya chambiri, ndipo timatumba take ta mazira timamvera insulini ndi leptin yomweyo. Mukaimanga pachingwe chomwecho, paudzu womwewo, idzakukhumudwitsani kuposa yachikuda. Nkhosa yathu ija inazolowera dzuwa la kuno, nkhupakupa za kuno ndi chilimwe cha kuno, ndipo mchira wake unapangidwira miyezi yowawa. Sinatilephere ayi. Tinaichotsera podyera.

Inu amene mudakali ndi mikota iwiri kapena itatu, adzukulu anga, imvani zimene ndinalandira. Muzigwira msana ndi dzanja, musakhulupirire maso. Mwetsani mankhwala a njoka zam'mimba musanayambe china chilichonse. Kukatsala masabata awiri kapena atatu kuti ikweredwe, ipatseni madeya odzaza manja awiri tsiku lililonse, pamodzi ndi masangwi, masamba a nandolo kapena zipatso za msangu ngati mwazipeza. Ikatenga bere musaimane, komanso musaikhutitse mopitirira m'masabata oyamba, chifukwa zonse ziwiri zingathe kuwononga bere. M'masabata 6 omaliza muwonjezerenso, pakuti ndi pamene mwana amakula kwambiri, ndipo ya mapasa ikasowa chakudya nthawi imeneyo imagwa osadzukanso. Msoti wobadwa kwa mayi wodya bwino musaugulitse ngakhale wogula akunyengerereni bwanji.

Kwa mafumu athu ndikupempha ndi ulemu wonse: patulani kachigawo ka dambo kakhale ka ziweto, ndipo msangu umene waphuka m'munda uzitetezedwa, popeza umathandizanso chimanga chimene chili pansi pake. Msangu umatenga zaka zambiri usanayambe kugwetsa zipatso, ndipo khola lowonongeka limafuna mibadwo ingapo ya nkhosa zodya bwino kuti libwerere. Ntchito imeneyi si ya nkhalamba ngati ine. Anzanga amene ndikanakhala nawo pansi pa mtengo wa mango kukumbutsana za mikota ya makolo athu onse ali kumanda, ndipo palibenso wina wonditsutsa kapena kundivomereza. Zimene ndanenazi ndi zimene zatsala, ndipo ndazipereka kwa inu ndidakali ndi mpweya.